Mmene Ndinatukwanira ba Chanda pa Manda

Ana anga, ndikudziwa kuti nkhani inakufikani. Ena anakutumizirani pa foni kanema wa bambo wanu ataima pamutu pa manda, jekete itayera ndi ufa, akutukwana munthu wakufa pamaso pa abusa. Mmodzi wa inu anandiimbira n'kufunsa ngati ndinali nditamwa. Sindinamwe. Pa foni ndinalephera kufotokoza, pajatu mukudziwa kuti pakamwa panga m'polemera, ndiye ndati ndilembe muno m'mbiri ya ntchito yanga. Munthu amene ndinamutukwanayo anali ba Chanda, bwana wanga wa zaka zambiri mu ofesi ya za ziweto kuno ku Chongwe, ndipo palibe munthu wamwamuna amene ndinamukonda kuposa iye.

Bundabunda, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali pa dipi ya ku Bundabunda. Dipi ndi dzenje lalitali la simenti lodzaza madzi a mankhwala, momwe ng'ombe zimadumphira n'kusambira kuti nkhupakupa zife. Ine anandilemba kuti ndizitunga madzi, kuvundula mankhwala ndi kutsekula mpanda. Tsiku loyamba ndinapeza munthu wamfupi, wamimba, wovala nsapato za mphira, akukalipira ng'ombe yokana kudumpha ngati akukalipira mlamu wake. Atandiona anati, "Ndiwe mwaiche, kamnyamata katsopano kaja? Zina ndiwe ndani?" Ndinati, "Daka, bwana." Anaponya ndodo pansi, n'kutembenukira alimi amene anali pamzere ndi ng'ombe zawo. "Daka! Wa kum'mawa! Imwe bantu, bisani mbewa zanu, zatha lelo. Boma yanitumizira Mungoni!" Anthu anaseka mpaka ena kugwira mpanda. Iye anaima n'kundiyang'ana, manja ali m'chiuno, kudikira. Ine ndinayang'ana pansi.

Inu mwakulira m'tauni momwe chimbuya chimamveka ngati nthabwala za m'minibasi, koma n'chachikulu kuposa pamenepo. Makolo a Abemba ndi a Angoni anamenyana kalekale popanda wogonja, ndipo atatopa anasiya nkhondo yotsalayo kuti izimenyedwa ndi pakamwa. Kuyambira apo Mubemba aliyense ndi mbuya wa munthu wa kum'mawa. Iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani, amene m'Chibemba amati kolwe, ndipo palibe wokwiya, ngakhale wotukwanidwayo akhale wamkulu chotani. Ba Chanda anali Mubemba wa kumpoto kwenikweni, ndipo chimene ankadikira tsiku lija chinali choti ndimubwezere.

Sindikanatha. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo anandilera ndi agogo, amene anachoka ku Chipata kudzagwira maganyu m'mafamu a kuno. Tinkakhala m'makomboni a eni mafamu. Mwana wopanda bambo m'komboni amaphunzira msanga kuti akayankha, mlandu ukabuka palibe wokamuimira. Choncho ine ndinaphunzira kuyang'ana m'malo moyankha, ndipo ndinafika nazo ku ntchito momwemo.

Ba Chanda sanatope nane. M'mawa uliwonse ankayamba ndi mbewa. "Daka, wadya zingati? Mchira uoneka pa mano." Ndikamwetulira osayankha, ankadandaula ngati ndamumana chakudya. "Kamba, iwe! Chimbuya cha munthu mmodzi ni misala." Koma anaona msanga kuti maso anga ankagwira ntchito imene pakamwa pankakana. Anandichotsa pa ndowa n'kundiimika potulukira ng'ombe, pambali pake, kundiphunzitsa kuona yotsalira m'mbuyo, yogwetsa khutu, ya ubweya woimirira. Anandiphunzitsa kubaya jekeseni pa ng'ombe yake yomwe, akuti ndikalakwitsa alire yekha. Anandiphunzitsa njinga yamoto pa bwalo la mpira la sukulu, akuthamanga pambuyo panga ndi mimba yakeyo, akukuwa kuti Angoni anazolowera kuthawa wapansi. Malo a maphunziro atapezeka ku Lusaka, anapita yekha kwa akuluakulu kukanena kuti apite ndi Daka. Chakudya cha masana tinkadya m'mbale imodzi, iye, ine ndi mlonda, ndipo nyama ikakhala yochepa ankati dzino likumupweteka. Dzino limenelo linkapweteka masiku a nyama yochepa okhaokha.

Kanakantapa, zaka za m'ma 1990

Nditabwera ku maphunziro anatisamutsira limodzi ku Kanakantapa, kumene anthu anali atangopatsidwa minda n'kuyamba kuweta. Zimenezi zinali zaka zowawa. Mankhwala a dipi anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako anasiyiratu, madipi n'kusanduka zithaphwi za achule. Kunagwa chilala, chaka chomwe tinadya chimanga chachikasu chochokera kunja. Ndiye kunabwera denkete, matenda a nkhupakupa otupitsa ng'ombe pansi pa makutu, n'kuitulutsa thovu m'mphuno mpaka kufa. Munthu ankadzuka ali ndi khola, mwezi usanathe n'kutsala ndi goli lokha. Ife tinali ndi yunifomu ndi chidziwitso, koma m'manja munalibe kanthu. Mafuta a njinga akabwera ochepa, ba Chanda ankathira mu yanga, iye n'kuyenda wapansi kumidzi yapafupi. Ankati mimba ikufunika kuchepa. Sinachepe.

Tsiku lina kunabwera mlimi wina wa kum'mawa ngati ine, a Banda, ng'ombe zake zolimira zitafa zonse ziwiri. Anandipeza ndekha pakhonde la ofesi, ali ndi mpini m'manja, maso ali psuu. Ankati ine ndinazigwira sabata yathayo, ndiye ndine ndazipha. Ine monga mwa chizolowezi ndinangoima, kuyang'ana mpiniwo. Ba Chanda anatuluka ali ndi kapu ya tiyi, n'kudzaima pakati pathu. "Banda, ufuna kumenya m'bale wako, Mubemba alipo? Menya ine. Koma uziwe, makolo ako anayesa, anabwerera na mabala kumatako." A Banda anafuna kukwiya, anafunanso kuseka. Mapeto ake anati, "Chokani apa, wakudya kolwe imwe," n'kukhala pansi pa sitepe, n'kuyamba kulira. Ba Chanda anawapatsa tiyi uja. Nyengo yolima itafika, ng'ombe za ba Chanda zinakalima munda wa a Banda zisanalime wake.

M'zaka zomwezo agogo anamwalira m'nyumba yanga ya boma. Ndinali ndisanakwatire amayi anu. Kwathu ku Chipata maliro ali ndi eni ake okumba ndi onyamula, koma ife kumeneko tinachoka kalekale, ndipo kuno ndinalibe mbale ndi mmodzi yemwe. Ndinakhala pakhomo m'mawa umenewo osadziwa poyambira. Dzuwa lisanakwere ndinamva phokoso kumsewu. Anali ba Chanda, khasu paphewa, pambuyo pake Abemba onse amene anawapeza, aphunzitsi, wapolisi, ngakhale wogulitsa makala. Mkazi wake, amene tinkamuitana kuti bana Mwila potengera dzina la mwana wawo woyamba, anabwera ndi miphika pamutu. Anakumba, anaphika, ananyamula bokosi. Pa manda ba Chanda anagogoda bokosilo n'kunena kuti, "Gogo, mwathawa chilala? Manje misampha yanu ya mbewa mwasiyira ndani, uyu mwana wanu wosakamba?" Anatulutsa ufa m'thumba n'kundithira kumutu, monga ambuya amachitira ofedwa. Ndinaseka mosafuna, ndipo kuseka kuja kunatsekula chimene chinatsekeka pakhosi, ndinalira koyamba chimwalirireni agogo. Ndi pamene ndinamvetsa ntchito ya mbuya. Wachibale sangakuseketse pa maliro, iyenso ali m'madzi omwewo. Pamafunika wina woima pamtunda.

Silverest, titapuma ntchito

Ba Chanda anapuma ntchito ine ndisanapume, ndipo mpando wake anausiyira ine. Mwila, amene anali atapeza ntchito yabwino ku Lusaka, anawamangira nyumba ku Silverest, ya mpanda wa njerwa ndi geti yachitsulo. Ba Chanda ankaitcha khola. Matenda a shuga atamugwira, miyendo n'kuyamba kukana, ndinkakwera minibasi kukamuona. Ndinkamupeza pakhonde atafunda bulangete, ataonda moti mimba ija inali itapita. Koma pakamwa panali pomwepo. "Bana Mwila, tsekani kabati, Mungoni wabwera." Ine ndinkati, "Muli bwanji, bwana?" Iye n'kupukusa mutu. "Nkhalamba ya imvi, ukali kuniitana bwana." Tinkakhala mpaka dzuwa kupendeka, iye akulankhula, ine ndikumvetsera, monga kale. Anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chatha.

Maliro

Ndinafika pa nyumba ya maliro masana. Amuna anali panja mu tenti, akazi m'nyumba. Zonse zinali m'manja mwa kampani ya maliro: manda anakumba ndi anthu olipidwa, chakudya chinkabwera chophikaphika pa galimoto, onyamula bokosi anali anyamata a magolovesi oyera. Ntchito ya mbuya panalibe. Mwila anandilandira bwino, n'kunditengera pambali pafupi ndi geti. Ndi mwana waulemu, ndinamunyamulapo pa njinga ali wamng'ono. Anati, "Ba Daka, niziwa mwamene munalili na ba tata. Koma nipempha, vija va chimbuya, va ufa na kutukwana, tisachite. Kubwera mabwana anga, na ba mpingo. Nifuna ba tata tibaike na ulemu." Ndinati ndamva. Kunena zoona, mtima wanga unapepuka. Ndinali ndikuopa chinthu chimenechi njira yonse, ndipo tsopano mwini maliro anali atandimasula.

Kenako ndinalowa m'nyumba kukapepesa bana Mwila. Anali pa matiresi pakona, atazunguliridwa ndi amayi a mpingo. Mmodzi anandinong'oneza kuti chimwalirireni amuna awo sanalire, sanadye, amangoyang'ana khoma. Ndinagwada, n'kunena mawu amene aliyense amanena. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa, "Mbuya, na apa mwabwera kukhala zii?" Anapitiriza, "Mnzanu anali kukamba ati, Daka ali na nkhongole ya matusi ya zaka zambiri, azanilipira pa manda. Anali kuseka akakamba. Koma anali kuyembekeza." Atatero anabwezera maso kukhoma.

Pa ntchito ndinapangapo zosankha zovuta, kutsekera anthu ng'ombe zawo, kulamula kuti nyama ikwiriridwe eni ake ali ndi njala, koma palibe chinandivuta ngati ichi. Mwila sanalakwe. Maliro anali a bambo ake, ndipo manyazi akanagwera iye pamaso pa anthu amene amagwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku. Ine ndinali ndisanatukwanepo munthu chibadwire, ndiye ndiyambire pa munthu amene anali ngati bambo anga, ali m'bokosi? Ndipo ndikanayamba, anthu n'kukhala chete, ndikanakhala nkhalamba yopenga yoononga maliro a eni. Koma ndinkaonanso mayi uja akuyang'ana khoma, ndipo ndinkadziwa chimene chinamutsekera pakhosi, chifukwa chinanditsekerapo ine. M'mawa wa tsiku loika maliro ndinapita kukhitchini kwathu n'kutapa ufa m'kathumba ka pulasitiki. Amayi anu anandiona. Sanafunse, anangoti, "Tapani wambiri."

Ku manda zonse zinayenda mwa dongosolo. Abusa analalikira, bokosi linatsika, anyamata anakwirira, ndipo woyendetsa mwambo anayamba kuitana oika maluwa. Bana Mwila anaika lawo atagwiridwa mbali zonse, nkhope ili gwa ngati mwala. Anaika ana, achibale, a mpingo. Kenako anati, "Amene anagwira nawo ntchito." Ndinaimirira. Popita ndinaponda maluwa a manda oyandikana nawo. Wina anandipatsa duwa, ine osalandira. Ndinaima kumutu kwa manda, ndipo mawu amene anatuluka sindinawazindikire kuti ndi anga.

"Chanda!"

Popanda ba, popanda bwana. Anthu anatembenuka. Ndinaona Mwila akutseka maso.

"Iwe Chanda, wakudya kolwe! Lelo anyani a kwanu avina, mdani wao wagona. Unabwera kuno na kasutikesi ka makatoni, ife a kum'mawa tinakuphunzitsa kuvala nsapato. Zaka zonse unasambika ng'ombe za anthu, iwe mwine madzi kuyaopa monga mbuzi!"

Kunali zii. Ngakhale mwana sanalire. Ndinaganiza kuti basi, ndaononga. Koma pobwerera panalibe, ndiye ndinatulutsa chinsinsi chimene ndinamusungira zaka zonse.

"Ndipo leka niwauze anthu. Pa dipi unali kutinyoza ati tidya mbewa. Nanga amene anali kubwera kuseri kwa nyumba yanga, chipewa chili pamaso, kufunsa agogo ati zija zokazinga zatsalako, anali ndani? Unali kutsiriza mbale yonse, iwe, na mitu yomwe!"

"Wabodza iwe!"

Anali bana Mwila. Anali atanyamuka pa mpando, chala chili kwa ine. "Wabodza, wakudya mbewa iwe! Mwamuna wanga sanadyepo vonyansa vanu!" Ndinati, "Mayi, munali kuganiza kuti mimba ija inachokera ku ifisashi yanu, masamba otendera aja?" Anatsekula pakamwa kuti andibwezere, koma chimene chinatuluka chinali kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba, ndipo kusekako kusanathe kunasanduka kulira. Analira mokweza, akuitana mwamuna wake ndi dzina, amayi a mpingo n'kumugwira, nawonso akulira ndi kuseka. Ndinapita n'kumuthira ufa pa duku, pang'ono, mwaulemu.

Nditatembenuka ndinaona bambo wina wa suti yodula akubwera kuchokera pa mipando ya kutsogolo, pomwe panakhala mabwana a Mwila. Ndinati uyu akudzandichotsa. Anafika pafupi n'kunena kuti, "Mdala, ufa watsalako? Ndine Phiri, wa ku Katete, kum'mawa. Uyu mwana wa Chanda amativuta maningi ku ofesi." Anali bwana wamkulu wa Mwila weniweniyo. Anatapa dzanja lodzaza, n'kupita kukamukhuthulira Mwila pamutu, suti yakuda n'kuyera mpaka m'mapewa. Apo ndiye a kum'mawa onse amene anali atakhala phee m'gulumo anadzuka, amayi a kwaya, madalaivala, ngakhale mmodzi wa anyamata a magolovesi. Kathumba kanga kanayenda m'manja ambiri. Abusa, amene ndi Mutonga ndipo nkhondoyi siikuwakhudza, anangotseka buku n'kudikira.

Anthu akubalalika, Mwila anandipeza nditakhala pa mwala. Ufa unali m'nsidze zake, misozi itajambula mizere pamasaya. Ndinayamba kupepesa, koma anakhala pansi pambali panga, suti yomweyo. Kenako, ponena za amayi ake, anati, "Ba mayo bapempha chakudya." Ndiye anandiyang'ana cham'mbali, mmene ankayang'anira bambo ake akafuna kuyamba chipongwe.

"Ba Daka, vija va mbewa. Ni zoona?"

Ndinati, "Zoona, mwana wanga. Anali kukonda zonona."

Anapukusa mutu. "Imwe bantu ba kum'mawa. Munaononga ba tata."

Ndinamuuza kuti anabwera woonongeka kale.

Ndi zimenezo, ana anga, zimene zili mu kanema uja. Tsiku langa likadzafika, chitani za kampani ndi magolovesi ngati mwafuna, sindidzaona. Koma mudzatumize uthenga ku Silverest, kwa Mwila Chanda. Akadzaimirira n'kuyamba kunena zoipa za bambo wanu, wina asadzamugwire dzanja.